Zimene Zili M'botolo la Mafuta Odzola ndi Ntchito Yake Pakhungu

Mafuta odzola amene amagulitsidwa pa Kameza, pamene msewu wa ku bwalo la ndege la Chileka umapatukana ndi wopita ku Lunzu, ali ndi mayina ambirimbiri koma ntchito zake ndi zowerengeka. M'maokala ndi pamabenchi pamakhala mabotolo aatali a loshoni, Vaseline, timabotolo ta glisarini, mafuta a camphor, sopo wonunkhira ndi timachubu toyeretsa khungu. Katundu yemweyu ndi amene ali mumsika wa Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Bangwe ndi m'Machinjiri monse. Kutsogolo kwa botolo kumakhala dzina lokopa, chithunzi cha mayi wosalala ndi malonjezo. Kumbuyo ndiko kuli mndandanda wa zilembo zing'onozing'ono wotchula zonse zimene zasakanizidwa m'mafutawo, ndipo poyerekeza mafuta awiri, mndandanda umenewu ndi umene umanena zoona. Mtengo sunena zambiri.

Mndandandawu uli ndi dongosolo limene makampani ambiri padziko amatsatira. Chimene chachuluka chimalembedwa poyamba, kenako chotsatira, mpaka kufika pa zimene sizikwana gawo limodzi pa 100 aliwonse, zomwe zimaloledwa kulembedwa mosatsata ndondomeko. Motero mayina asanu kapena asanu ndi limodzi oyambirira ndiwo pafupifupi mafuta onsewo. Loshoni wambiri amayamba ndi aqua, amene ndi madzi. Botolo likhoza kulembedwa cocoa butter kapena aloe vera m'zilembo zikuluzikulu kutsogolo, koma ngati kumbuyo dzinalo lili kumapeto, pambuyo pa zonunkhiritsa, ndiye kuti anangodonthezamo pang'ono kuti apeze cholemba.

Pamwamba pa khungu la munthu pali kachikopa kopyapyala kwambiri, kopangidwa ndi maselo akufa omatidwa ndi mafuta a thupi lomwelo. Kachikopaka kamasunga madzi m'kati ndipo kamatchinga tizilombo ndi fumbi. Kakauma kamang'aluka n'kutukula timamba toyera, tomwe pakhungu lakuda timaoneka msanga. Kumeneko ndiye kutuwa. Kumakula m'miyezi ya June, July ndi August pamene mpweya uli wozizira ndi wouma, ndipo kumanyanya mwa munthu amene amasamba madzi otentha kwambiri, amadzikhula mwamphamvu ndi mwala kapena chinkhupule, kapena amasambira sopo wochapira zovala. Mafuta ofewetsa khungu amalimbana ndi vutoli m'njira zitatu: ena amatseka kuti madzi asatuluke, ena amakoka madzi, ena amasalaza.

Pa otseka, palibe choposa petroleum jelly, yemwe pamndandanda amalembedwa kuti petrolatum ndipo aliyense amangomutcha Vaseline. Anatulukiridwa ndi Robert Chesebrough, amene mu 1859 anaona anthu ogwira ntchito pa zitsime za mafuta ku Pennsylvania, m'dziko la America, akupaka pamabala phula lomwe linkakanirira kumakina. Analiyenga, ndipo mu 1872 analembetsa umwini wake pansi pa dzina la Vaseline. Jelly ameneyu amaletsa pafupifupi madzi onse amene akanatuluka kudzera pakhungu. Amagwira ntchito ngati chivundikiro cha pamtsuko: chimasunga madzi amene alimo, koma sichiwonjezera ngakhale dontho. N'chifukwa chake amathandiza kwambiri akadzoledwa munthu atangotuluka kubafa, thupi lisanaumiretu, ndipo amangonyezimiritsa chabe akapakidwa pamwendo wouma kale. Sayambitsa chiwengo kawirikawiri, motero ndi wabwino kwa makanda, pamilomo yong'aluka ndi pa zikang'a. Kuipa kwake n'kwakuti amalemera m'nyengo yotentha, amagwira fumbi, ndipo ena amene nkhope zawo zili kale ndi mafuta amamuona akuwachulutsira ziphuphu. Woyengedwa bwino amakhala woyera kapena wachikasu pang'ono, ndipo sanunkha parafini. Anzake pa ntchito yotsekayi ndi paraffinum liquidum, dimethicone ndi lanolin, phula lochokera ku ubweya wa nkhosa, lomwe ndilo linali maziko a Nivea pamene anayamba kupangidwa ku Hamburg mu 1911.

Okoka madzi amatsogozedwa ndi glisarini, amene amapezeka popanga sopo ndipo anadziwika koyamba ndi katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, cha m'ma 1779. Glisarini amayamwa chinyezi n'kuchisunga m'kachikopa kapamwamba kaja. Amayi amene amathira kabotolo ka glisarini mu loshoni wawo nthawi yozizira salakwitsa konse, chifukwa akuwonjezera chinthu chimene makampani omwewo amaika pamalo achiwiri kapena achitatu pamndandanda. Payekha glisarini amanata, ndipo pakhungu long'aluka amaluma. Amafuna madzi pang'ono pansi pake ndi chotseka pamwamba pake. Njira yabwino ndi kusakaniza padzanja muyezo wa tsiku lomwelo. Kuthira madzi a pampopi m'botolo la loshoni kuti achuluke kumafooketsa mankhwala oteteza kuti asawonongeke, ndipo mabakiteriya amayamba kuswana momwemo. Hyaluronic acid, amene amatamandidwa m'timabotolo todula ta m'mashopu akuluakulu a m'tauni, ntchito yake ndi yomweyi ya glisarini. Amapepuka pankhope, koma kusiyana kwa mitengo yawo n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa zotsatira.

Urea ayenera kutchulidwa payekha chifukwa mphamvu yake imasintha ndi muyezo. Akakhala 5 mpaka 10 peresenti amafewetsa khungu louma. Akafika 20 mpaka 40 peresenti amasungunula chikopa cholimba cha kuchidendene, ndipo pa zikang'a zokhalitsa amaposa Vaseline wapayekha. Dzinali ndi lomwe lili pathumba la feteleza wobereketsa, koma wa kumundayo sanayeretsedwe kuti akhudze thupi la munthu ndipo sayenera kusungunulidwa kuti adzoledwe.

Osalaza ndi mafuta ochokera ku zomera, amene amalowa m'ming'alu ya pakati pa timamba n'kufewetsa khungu. Makolo ankadzola mafuta a nsatsi, omwe gawo lake lalikulu, pafupifupi magawo 90 pa 100, ndi ricinoleic acid, ndipo n'chifukwa chake ndi okhuthala chotero. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa, choncho siziyenera kusiyidwa pamene ana angazitole. Mafuta a njere za malambe ndi a mpendadzuwa ndi opepuka ndipo amagwirizana ndi khungu la anthu ambiri. Shea butter amachokera kumayiko a kumadzulo kwa Africa, ndipo iye ndi cocoa butter amafewetsadi. Chimene cocoa butter sachita ndi kuletsa mizere ya pamimba ya amayi oyembekezera: kafukufuku amene anayerekeza amayi odzola mafutawa ndi odzola mafuta wamba sanapeze kusiyana. Mafuta a zomera amavunda akakhalitsa kapena akakhala padzuwa, ndipo akayamba fungo lachilendo ndi ofunika kutaya.

Loshoni, kirimu ndi jelly zimasiyana pa kuchuluka kwa madzi. Loshoni ali ndi madzi ambiri, amalowa msanga ndipo amathanso msanga. Kirimu ali pakati. Jelly alibe madzi n'komwe. Malo ndi nyengo ndizo zimasankha. Dera la Kameza ndi Chileka ndi lotsika ndi lotentha poyerekeza ndi Bangwe kapena Limbe, kumene chiperoni chimakhazikika. Loshoni wokhala ndi glisarini amakwanira pa Kameza mu October, pamene jelly angotsekera thukuta n'kubweretsa nsungu, makamaka kwa ana. Mu July, miyendo ndi manja zimafuna kirimu wokhuthala kapena jelly, ngakhale nkhope itapitiriza ndi loshoni.

Kumapeto kwa mndandanda ndiko kumabisala zambiri zoyabwitsa. Parfum kapena fragrance ndi dzina limodzi loimira mankhwala onunkhiritsa ambiri, ndipo ali m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa chiwengo kawirikawiri. Mafuta alionse okhala ndi madzi amafunika choteteza kuti asawole, monga phenoxyethanol kapena ma paraben. China mwa zoterezi, methylisothiazolinone, chinayabwitsa anthu ochuluka mpaka mayiko a European Union anachiletsa mu 2017 m'mafuta osatsukidwa pathupi. Alcohol denat amaumitsa khungu, pamene cetyl alcohol ndi stearyl alcohol ndi phula lofewetsa ngakhale mayina akufanana. Camphor ndi menthol amaziziritsa ndi kuchepetsa kuyabwa, koma kufewetsa kumene anthu amakonda m'mafuta a camphor kumachokera ku glisarini ndi mafuta ena amene alimo. Camphor sayenera kudzoledwa kwa makanda, ndipo mwana akamumeza akhoza kukomoka n'kuyamba kuphupha. Aqueous cream, amene ambiri amamuyesa wofatsa chifukwa ndi woyera ndiponso sanunkhira, kawirikawiri amakhala ndi sodium lauryl sulphate, mankhwala otulutsa thovu. Ndi wabwino kusambira m'malo mwa sopo, koma akasiyidwa pakhungu la mwana wa chikanga amatha kuwonjezera kuyabwa.

Sopo naye ali ndi mbali yake. Khungu lathanzi lili ndi asidi pang'ono, pa muyezo wa pH wa pakati pa 4.5 ndi 5.5, pamene sopo wamtanda amakhala pa 9 kapena 10. Sopo wochapira amachotsa litsiro pamodzi ndi mafuta amene amamata kachikopa kaja. Banja limene lilibe ndalama ya sopo wosambira likhoza kuchepetsa vutoli popaka sopo m'khwapa, kumapazi ndi malo ena a thukuta okha, kutsukuluza bwino, ndi kudzola nthawi yomweyo.

Ziphuphu zimayamba timabowo ta pakhungu tikatsekeka ndi mafuta ndi maselo akufa, mabakiteriya n'kuswana m'katimo. Salicylic acid wa 0.5 mpaka 2 peresenti amalowa m'timabowoto n'kutitsegula. Benzoyl peroxide wa 2.5 mpaka 10 peresenti amapha mabakiteriyawo. Wa muyezo wotsika amagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi wapamwamba koma sawotcha kwambiri, ndipo miyezo yonse iwiri imasukulutsa mathaulo ndi mapilo. Tretinoin ndi adapalene ndi amphamvu koposa, ndipo mayi woyembekezera sayenera kuwagwiritsa ntchito. Onsewa amafuna milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa kuti zotsatira zioneke. Pakhungu lakuda, chiphuphu chikapola chimasiya banga lakuda lomwe limatha miyezi, ndipo kufinya, kupaka mankhwala otsukira mano, soda kapena madzi a mandimu kumangolikulitsa chifukwa khungu likapsa limapanga utoto wochuluka. Niacinamide wa 4 kapena 5 peresenti ndi azelaic acid amafafaniza mabangawa pang'onopang'ono popanda kusintha mtundu wa nkhope yonse.

Mabanga otere amada kwambiri akamawombedwa ndi dzuwa, ndipo apa ndi pamene mafuta oteteza ku dzuwa amalowera. Nambala ya SPF imanena za cheza chowotcha chotchedwa UVB: SPF 15 amatchinga magawo pafupifupi 93 pa 100, SPF 30 magawo 97, SPF 50 magawo 98. Cheza china, UVA, chimalowa mozama ndipo chimadetsa mabanga, motero botolo labwino limatchula zonse ziwiri. Zinc oxide ndi titanium dioxide sayabwitsa kawirikawiri koma amasiya kuyererako pakhungu lakuda. Mafutawa amatha mphamvu ndi thukuta, choncho amadzoledwanso pakapita maola awiri munthu akakhala panja. Kwa anthu achialubino nkhaniyi ndi ya moyo weniweni, chifukwa khungu lawo lilibe utoto wotchinga dzuwa ndipo khansa ya pakhungu imawagwira akadali achinyamata. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, ndipo bungwe lawo la APAM lakhala likumenyera kuti mafutawa azipezeka m'zipatala za boma mosadukiza. Vaseline ndi loshoni wamba satchinga dzuwa ngakhale pang'ono. Kholo limene ladzoza mwana wachialubino mafuta otere lisaganize kuti watetezeka. Amafunika SPF 30 kapena kuposa, chipewa chakhonde ndi zovala zamanja aatali.

Gulu lomaliza ndi la mafuta oyeretsa khungu, ndipo ambiri mwa amenewa ndi mankhwala a kuchipatala ovekedwa chikuto cha zodzoladzola. Zinthu zitatu ndizo zimapezekamo kawirikawiri: hydroquinone, mankhwala a steroid ndi mercury.

Hydroquinone amaletsa maselo a khungu kupanga melanin, utoto umene umadetsa khungu ndi kuliteteza ku dzuwa. Madokotala amamulembera odwala pa muyezo wa 2 mpaka 4 peresenti, kuti apake pabanga pokha kwa miyezi yochepa kenako n'kusiya. Akadzoledwa nkhope yonse kwa zaka, pansi pa dzuwa la kuno, amabweretsa chosemphana ndi chimene wodzolayo ankafuna. Pamasaya, pachipumi ndi m'khosi pamabwera mabanga akuda mobiriwira, nthawi zina okhala ndi timatuza tolimba. Matendawa amatchedwa ochronosis ndipo ndi ovuta kwambiri kuchiza. Dokotala wa khungu wa ku Pretoria, G. H. Findlay, ndi anzake analemba za matendawa mu 1975 ataona amayi ambiri akuda a ku South Africa akubwera nawo. Dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, mayiko a European Union mu 2001, ndipo Côte d'Ivoire mu 2015 ndi Rwanda mu 2018 anakhwimitsanso malamulo pa mafuta oyeretsa khungu. Chopweteka n'chakuti mayi akaona mabanga akudawo amawonjezera mafuta omwewo poganiza kuti achepa mphamvu.

Mankhwala a steroid amabwera m'timachubu, ndipo amadziwika ndi mayina monga clobetasol propionate ndi betamethasone. Dermovate, Betnovate ndi Diproson ndi ena mwa mayina amene mankhwalawa amagulitsidwira. Ndi mankhwala enieni ndiponso othandiza pa chikanga ndi zotupa zina za pakhungu, akapakidwa mochepa kwa sabata imodzi kapena ziwiri motsatira malangizo a dokotala. Amayeretsa chifukwa amafinya timitsempha ta magazi ndi kufooketsa maselo opanga utoto, ndipo popeza zimenezi zimachitika m'masiku ochepa, wogula amakhulupirira kuti wapeza mafuta abwino. Pakapita miyezi khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, mizere yofiirira yosachoka imatuluka m'manja ndi m'ntchafu, ziphuphu zimadzaza nkhope, tsitsi limamera pamasaya, ndipo bala laling'ono limachedwa kupola. Chipere chikapakidwa steroid chimasiya kuyabwa koma mafangasi ake amafalikira mobisika, mpaka dokotala amavutika kuchizindikira. Timachubu tophatikiza steroid, mankhwala a mafangasi ndi a mabakiteriya timabweretsa vuto lomweli. Clobetasol ali m'gulu la amphamvu kwambiri, ndipo akadzoledwa thupi lonse amalowa m'magazi n'kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kunenepetsa nkhope ndi kufooketsa tiziwalo ta pamwamba pa impso timene timapanga mahomoni a thupi. Khanda lopakidwa mankhwalawa pansi pa thewera limayamwa ochuluka kuposa munthu wamkulu.

Mercury amapezeka mu sopo ndi makirimu ena, ndipo akalembedwa amatchedwa calomel, mercurous chloride, mercuric iodide kapena ammoniated mercury. Nthawi zambiri salembedwa n'komwe. Amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amanjenjemeretsa manja, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba ndi woyamwa. Amatsalanso pamathaulo ndi zofunda, motero banja lonse limakhudzidwa. Madokotala a ku Nairobi analemba mu 1972 za amayi achitsikana odwala impso amene ankadzola makirimu otere. Pangano la mayiko la Minamata, la mu 2013, linaika malire a gawo limodzi pa miliyoni m'zodzoladzola, ndipo mu 2023 mayiko a m'panganoli anagwirizana zoletseratu mercury m'zodzoladzola zonse pofika 2025.

Zoopsa kuposa zonsezi ndi mafuta osakaniza pamanja, ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro m'masaluni ena, m'misika ndi pa WhatsApp. Wosakanizayo amafinyira timachubu tingapo mu loshoni kapena glisarini, ndipo iye mwini sangathe kunena muyezo wa chimene chilimo. Mafuta opanda mndandanda, opanda dzina la kampani, nambala ya gulu limene anapangidwira ndi tsiku lothera mphamvu sangayerekezedwe ndi ena alionse, chifukwa palibe choyerekezera. Lonjezo loyeretsa m'masiku asanu ndi awiri ndi chizindikiro chokwanira, popeza palibe chipatso kapena karoti amene angachite zimenezo. Wodzolayo sayenera kunyozedwa. Ambiri anayamba pofuna kuchotsa mabanga a ziphuphu, ena chifukwa chomva kuyambira ali ana kuti woyera ndiye wokongola, ndipo amene amanena zimenezo ndi abale, amuna ndi otsatsa malonda omwewo amene amadzaseka nkhope ikawonongeka.

M'Malawi, mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, pamene miyezo ya katundu wina ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, lomwe linayamba mu 1972. Kachubu ka clobetasol malo ake ndi ku famase yovomerezeka, osati pabenchi pamene kakuwombedwa ndi dzuwa tsiku lonse. Munthu amene wadzola steroid kwa miyezi yambiri sayenera kungosiya tsiku limodzi, chifukwa nkhope imafiira, imatentha ndi kusendeka, ndipo ngati ankadzola thupi lonse akhoza kufooka moopsa. Amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi achipatala, akudzola jelly kapena kirimu wopanda zonunkhiritsa ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu a mu Blantyre amachitcha Gulupu, chili ndi gawo loona matenda a khungu, ndipo odwala ambiri amafikako atatumizidwa ndi zipatala zazing'ono za m'madera awo. Wopita kumeneko atenge mabotolo ndi timachubu tonse timene wakhala akudzola, ngakhale totha kale, kuti dokotala awerenge zimene zilimo asanasankhe chithandizo.